MKANGO WA KU RUSSIA

Masewera ogwetsana ndi akale kwambiri, ndipo apezeka pafupifupi pakati pa mitundu yonse ya anthu. Safuna mpira, safuna ndodo kapena cida ciri conse. Anyamata awiri akaputana kubusa, ng'ombe zitagona pamthunzi, amangobvula malaya nagwirana m'ciuno, ndipo amene msana wace wayamba kukhudza pansi ndiye wagonja. Akatha apo amasansa pfumbi, nabwerera ku ziweto zao ali mabwenzi monga kale. Wopambana salandira kanthu koma ulemu wokha.

Ku Egypt, pa malo ochedwa Beni Hasan m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, kuli manda a akalonga amene anasemedwa m'thanthwe zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Pa zipupa za mandawo pali zithunzi mazanamazana za amuna awiriawiri alikugwetsana. Wojambula anapaka wina utoto woderako ndi wina utoto wowalako, kuti woona athe kuzindikira mwini mkono ndi mwini mwendo, ndipo magwiridwe ambiri a pa zithunzizo ndi omwe aja acitika lero. Anthu akale a ku Greece anaika kugwetsana pa masewera ao a Olympic m'caka ca 708 B.C. Mu Africa muno, mtundu wa Nuba wa ku Sudan ndi anthu a ku Senegal ali ndi mbiri yaikulu ya masewerawa kufikira tsopano.

Koma nkhani ino ndi ya cinthu cina cimene cinaoneka m'zaka za m'ma 1800, pamene amuna ena anayamba kudya za kugwetsana monga mlimi adya za khasu lace. Ndalama zitalowa m'masewerawa panabuka funso lobvuta. Kodi munthu amene walipira pakhomo wagula ciani? Kodi wagula mpikisano woona, ngakhale utakhala wosakoma m'maso, kapena wagula cisangalalo ca madzulo amodzi? Moyo wa munthu mmodzi, George Hackenschmidt, usonyeza bwino m'mene funsolo linayankhidwira.

KUGWETSANA KUSANDUKA NCHITO

Ku France kunali magulu a anthu amene anali kuyendayenda m'misika ndi mahema ao, kuonetsa zodabwitsa. Ena anali kuyenda pa cingwe, ena kunyamula zitsulo zolemera, ndipo ena anali kuitana ali yense wa m'khamu kuti adzayese kuwagwetsa. Pakati pa zaka za m'ma 1800 eni magulu anaika lamulo lakuti munthu asagwire mnzace kunsi kwa ciuno, ndiponso asamchere ndale. Pambuyo pace magwetsedwe otere anapatsidwa dzina lakuti Greco-Roman kuti amveke ngati a makedzana, cinkana anthu akale a ku Greece ndi a ku Rome sanali kutsata malamulo amenewa.

Ku England, m'cigawo ca Lancashire, anthu okumba malasha ndi oomba nsalu anali ndi magwetsedwe aoao. Iwo anali kulola kugwira pali ponse, mwendo, mkono kapena khosi, ndipo munthu akagwa kulimbana kunali kupitirira pansi pomwepo kufikira mapewa onse awiri atakhudza nthaka. Anawachula catch-as-catch-can, ndiko kunena kuti gwira pamene ungathe. Pa masiku opumula anchito anali kusonkhana m'mabwalo, nabecha ndalama zao pa mnzao wa mgodi umodzi. Anthu a ku England ndi a ku Ireland posamukira ku America anaoloka nyanja ndi magwetsedwe a kwao.

Ku America masewerawa anali a alimi ndi asilikali. Abraham Lincoln, amene pambuyo pace anakhala mtsogoleri wa dzikolo, anayamba kudziwika m'mudzi wa New Salem mu 1831 cifukwa ca kulimbana ndi mnyamata wamphamvu wa kumeneko, Jack Armstrong. Itatha nkhondo ya paciweniweni ya 1861 mpaka 1865, kugwetsana kolandira malipiro kunafala. M'mizinda yaikulu munachuka anthu onga William Muldoon, wapolisi wa ku New York, amene anagonjetsa Thiebaud Bauer mu 1880. Kumidzi kunali kufika magulu a mahema, ndipo macitidwe ao anali otere.

Mwini gulu anali kuimirira pakhomo napfuula kuti munthu amene angathe mphindi 15 osagwetsedwa ndi ngwazi yace adzalandira ndalama. Mnyamata wa m'mudzimo, wodziwika ndi onse kuti ndi wanyonga, anali kubvula malaya, ndipo abale ace anali kubecha pa iye. Mwini gulu sakanalola kutaya cuma cace tsiku ndi tsiku, cotero ngwazi yace inayenera kudziwa magwiridwe opweteka, opinda mkono kapena mwendo, kuti mlendo akaoneka wobvuta imgonjetse msanga. Koma panali bvuto lina. Ngwazi ikagwetsa anthu atatu motsatizana m'kanthawi kocepa, sipanali kupezekanso wofuna kuyesa, ndipo malonda anali kuima.

Pamenepo eni magulu anapeza nzeru. Anali kubisa munthu wao m'khamu atabvala ngati mlimi wamba. Iyeyu anali kutulukira nalimbana ndi ngwaziyo mocititsa nthumanzi, ndipo nthawi zina anali kupambana kumene. M'mawa mwace anthu anali kubweranso oculuka, kubecha nikukula, osadziwa kuti awiriwo anapangana kale za amene adzagwa. Cotero kuyambira paciyambi coonadi ndi cinyengo zinali kugona m'nyumba imodzi.

MNYAMATA WA KU DORPAT

George Hackenschmidt anabadwira mu mzinda wa Dorpat, umene lero uchedwa Tartu, m'dziko la Estonia. Nthawi imeneyo dzikolo linali pansi pa mfumu ya ku Russia, ndico cifukwa cace anadzachedwa Mkango wa ku Russia. Atasiya sukulu mu 1895 anakalowa nchito yophunzira kusula zitsulo mu mzinda wa Reval, umene tsopano ndi Tallinn. Akaweruka anali kupalasa njinga ndi kunyamula zitsulo pamodzi ndi anzace, ndipo posacedwa anawaposa onse. Sanali wamtali kwambiri, koma cifuwa cace cinali cotambasuka, mikono ndi khosi zonenepa ndi mnofu wolimba.

Dotolo wina wa ku St Petersburg, dzina lace Krajewski, amene anali kukonda masewera olimbitsa thupi, anamuona mnyamatayo namtengera kunyumba kwace. Kumeneko anamphunzitsa kadyedwe, kagonedwe ndi kanyamulidwe ka zitsulo mwa dongosolo. Hackenschmidt sanali kumwa mowa kapena kusuta fodya. Cakumwa cace cinali mkaka. Mu 1898 anagwetsa Paul Pons, ngwazi yochuka ya ku France, ndipo caka comweco anapambana pa mpikisano waukulu ku Vienna. Mu 1900 anayamba kugwetsana kolandira malipiro, ndipo mu 1901 anapambana ku Paris. Kugwira kumene anakukonda kunali kukumbatira mnzace m'cifuwa, kumfinya mpaka mpweya kubanika, kenaka kumnyamula ndi kumponya pansi.

Mu 1902 anafika ku England. Masiku amenewo anthu a m'mizinda anali kupita madzulo ku nyumba za zisangalalo, m'mene oimba, obvina ndi anthabwala anali kusinthana pa nsanja, ndipo ogwetsana anali kupatsidwa nthawi yao pakati pa amenewa. Amene anamtsogolera Hackenschmidt pa nchitoyi anali C. B. Cochran, munthu wodziwa mitima ya anthu oonerera. Cochran anaona msanga kuti Mkango wace uli ndi cilema cimodzi, ndico cakuti unali wamphamvu mopitirira. Ali yense wokwera pa nsanja anali kugwa m'kamphindi. Tsono munthu amene walipira ndalama yace, nabvala bwino, nayenda ulendo wa usiku, safuna kuona cinthu cotha iye asanakhazikike pa mpando.

Cochran anamlangiza kuti azileza mtima. Amlole mnzace kulimbika pang'ono, aoneke ngati wapanikizidwa, anthu ayambe kupfuula, ndipo pamenepo ndi pomwe amgwetse. Hackenschmidt anamvera, ndipo nyumba zinayamba kudzaza. Apa sanabe cigonjetso ca munthu, pakuti akanapambanabe. Cimene anabisa ndi kukula kwa mphamvu zace. Komabe limeneli linali phazi loyamba pa njira yoterera, cifukwa oonerera anali atayamba kuombera m'manja cinthu cosiyana ndi cimene anali kuganiza.

Mphamvu zace zenizeni zinaoneka pa 30 January 1904, m'nyumba yaikulu ya Olympia mu London, pamene anakomana ndi Ahmed Madrali wa ku Turkey, amene manyuzipepala anali kumchula woopsa. Tsiku limenelo panalibe za kuleza mtima. Hackenschmidt anamthamangira, namnyamula, namgwetsera pa mkono, mkonowo nuguluka. Zonsezi zinacitika zisanathe mphindi 2, kotero kuti munthu wocedwa pang'ono pakhomo akanapeza masewera atatha.

Caka cotsatira anaoloka nyanja. Pa 4 May 1905, ku Madison Square Garden mu New York, analimbana ndi Tom Jenkins, ngwazi ya America, munthu wa diso limodzi amene anakulira pa nchito ya zitsulo ku Cleveland. Hackenschmidt anamgwetsa kawiri, iye osagwa ndi kamodzi komwe. Kuyambira pamenepo anthu a ku Ulaya ndi a ku America anabvomerezana kuti iye ndiye ngwazi ya dziko lonse lapansi.

MLIMI WA KU IOWA

Akale anati, mwamuna mnzako ndi paculu, umalinga utakwerapo. Pamene Mkango unali kuomberedwa m'manja m'mizinda yaikulu, ku cigawo ca Iowa, kumene anthu alima cimanga ndi kuweta nkhumba, kunali kukula mnyamata wa pamunda dzina lace Frank Gotch, wa ku Humboldt. Mu 1899 Gotch analimbana ndi Martin Burns, amene onse anali kumchula Farmer Burns, ndiko kuti Burns mlimi. Burns anali wocepa thupi koma wocenjera, ndipo anatengapo dzina la ngwazi ya America mu 1895. Anamgwetsa mnyamatayo mosabvuta, koma anaona kuti muli kanthu mwa iye, namtenga kukhala wophunzira wace.

Gotch anaphunzira magwetsedwe a ku Lancashire aja, ogwira pali ponse. Cida cace cacikulu cinali kugwira phazi la mnzace ndi kulipotoza, kotero kuti munthu anayenera kusankha pakati pa kutembenuka cagada ndi kuthyoka mwendo. Sanali kutopa msanga, cifukwa anazolowera kuthamanga mitunda yaitali. Analimbana ndi Tom Jenkins kangapo, kupambana ndi kugonja, kufikira mu 1906 pamene anamlanda dzina la ngwazi ya America. Tsono atambala awiri salira m'khola limodzi. Anthu anayamba kufunsa tsiku limene mlimi wa ku Iowa adzakomana ndi Mkango wa ku Russia.

Anakomana ku Chicago, pa Dexter Park Pavilion, pa 3 April 1908. Ambiri anali kuyembekezera kuti Mkango udzapambana, ndipo mwini wace sanakonzekere mokwanira. Gotch anadziwa kuti akalola kukumbatiridwa ndi mikono ija zace zatha, cotero sanalole. Anali kumkankha, kumtsamira pakhosi, kumzemba ndi kumkankhanso. Ola loyamba linatha onse ali ciriri, ndipo laciwiri linayenda cimodzimodzi. Mpweya wa Mkango unayamba kucepa. Potsiriza Gotch anamgwetsa nafunafuna phazi lace, ndipo Hackenschmidt anabvomera kuti wagonja. Panali patapita maola 2 ndi mphindi 3. Lamulo linali lakuti wopambana agwetse mnzace kawiri, koma Hackenschmidt sanafune kulimbananso. Anapereka dzina la ngwazi ya dziko lonse kwa Gotch.

Atabwerera ku Ulaya anadandaula kuti Gotch anadzola mafuta kuti asagwirike, ndi kuti anali kumgunda ndi mutu ndi kumtosa m'maso ndi zala. Gotch ndi anzace anakana zimenezi, ndipo olemba mbiri ya masewerawa amatsutsanabe za nkhaniyi. Koma ambiri agwirizana pa mfundo imodzi, yakuti tsiku limenelo amuna awiri analimbana moona, ndipo wopambana sanadziwike kufikira pamapeto.

Patapita zaka zitatu anakomananso mu mzinda womwewo, pa bwalo latsopano la Comiskey Park, pa 4 September 1911. Anthu pafupifupi 30,000 anasonkhana, nalipira pakhomo madola 87,000, ndalama zimene zinali zisanaonekepo pa masewera ogwetsana. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku apambuyo, pokonzekera, Hackenschmidt anali atabvulala bondo kwambiri. Masewerawo sanaimitsidwe, pakuti ndalama zambiri zinali zitalowa kale, ndipo khamu silinauzidwe za bondolo. Atatsala pang'ono kuyamba kunalengezedwa kuti kubecha konse kwathetsedwa, anthu nayamba kuyang'anana. Gotch anamgwetsa mnzace kawiri lisanakwane theka la ola. Anthu anabalalika alikung'ung'udza, ndipo manyuzipepala analemba mau owawa. Ambiri amene kale anali kukhulupirira masewerawa anayamba kuwakayika kuyambira tsiku limenelo.

Hackenschmidt sanalimbanenso. Gotch analeka mu 1913, ndipo anamwalira mu December 1917 ali ndi zaka pafupifupi 40.

CIMENE CINATHAWITSA COONADI

Kodi cinacititsa n'ciani kuti masewera oona alephere kudyetsa eni ace? Cifukwa coyamba caoneka kale: munthu akaposa mnzace kwambiri, masewera amatha m'kamphindi. Caciwiri ndi cosiyana ndi cimeneco. Amuna awiri akalingana mphamvu ndi nzeru, ali yense amaopa kulakwitsa, ndipo akhoza kugwirana maola ambiri popanda cooneka.

Pa 10 September 1910 anthu a mu London anasonkhana kudzaona Gama, ngwazi ya ku India, alikulimbana ndi Stanislaus Zbyszko wa ku Poland. Gama anali wamfupi, koma anaphunzira kugwetsana pa dothi kuyambira ali mwana. Anamgwetsa mnzace msanga, koma Zbyszko anagona cafufumimba nakakamira pansi ngati fulu wobisa mutu m'cigoba, kuti asatembenuzidwe, nakhala comweco maola oposa awiri ndi theka. Oweruza anati palibe wopambana. Sabata lotsatira anayenera kukomananso, koma Zbyszko sanabwere. Cimodzimodzi ku Omaha, mu America, pa 4 July 1916, Joe Stecher ndi Ed Lewis anagwirana maola pafupifupi 5 popanda wogwa, kufikira oonerera anapsa mtima.

Cifukwa cacitatu ndi thupi la munthu. Amene walimbana ndi mphamvu zace zonse afunika masabata opumula kuti mikwingwirima ndi mfundo zotupa zipole. Koma mwini masewera afuna kuti munthu yemweyo akaonekenso mawa mu mzinda wina, cifukwa tsiku lopanda masewera ndi tsiku lopanda ndalama.

M'zaka za m'ma 1920 amuna atatu anakonza zinthu mwa njira yatsopano. Woyamba anali Ed Lewis yemwe uja, waciwiri Billy Sandow amene anali kusamala ndalama ndi mapangano, ndi wacitatu Toots Mondt amene anali kupeka macitidwe a pabwalo. Anaika malire a nthawi kuti masewera asatalike. Analemba nchito ogwetsana ambiri, nayenda nao mzinda ndi mzinda monga gulu limodzi. Analowetsamo kudumpha, kuponyana m'mwamba ndi kugundana, zinthu zokoma m'maso zimene sizitheka ngati winayo sakulola. Anapekanso nkhani zopitirira, kuti udani woyamba sabata lino ukathere sabata lamawa, anthu alipirenso. Ndipo wopambana anali kusankhidwa m'cipinda masewera asanayambe. Lewis mwini wace anali katswiri weniweni, wokhoza kudziteteza ngati wina afuna kuswa pangano, ndipo pa iye ndi pamene nyumba yonseyo inatsamira.

Koma tsiku lina anaiwala cimeneci. Mu January 1925 anapatsa dzina la ngwazi kwa Wayne Munn, cimphona cimene cinachuka pa mpira wa ku America koma cosadziwa kugwetsana kwenikweni, poona kuti anthu adzakhamukira kudzamuona. Pa 15 April caka comweco, ku Philadelphia, anamkomanitsa ndi Zbyszko uja, amene tsopano anali ndi zaka zoposa 40, ndipo anayenera kugonja monga mwa pangano. Koma mkuluyo anali atagwirizana mseri ndi eni masewera a gulu lina. Masewera atayamba analimbana moona, namgoneka Munn cagada mobwerezabwereza, mpaka woweruza anasowa pothawira nalengeza kuti Zbyszko wapambana. Onyenga ananyengedwa pamaso pa khamu. Amene anati tsabola wakale sawawa sanamuone Zbyszko tsiku limenelo.

NTHANO NDI BODZA

Kwa zaka zambiri eni masewera anasunga cinsinsi cao, ndipo wogwetsana amene anaulula anali kuyesedwa wopandukira anzace. Manyuzipepala anali kuulula nthawi ndi nthawi, koma anthu anali kupitabe kukaonerera. Potsiriza, mu 1989, kampani yaikulu ya ku America imene lero ichedwa WWE inauza poyera aphungu a cigawo ca New Jersey kuti nchito yace ndi yosangalatsa anthu, si mpikisano weniweni ai.

Pano pafunika kusiyanitsa nthano ndi bodza. Agogo akakhala pamoto madzulo nati panangokhala, adzukulu nayankha kuti tiri tonse, palibe amene wanamizidwa, cinkana m'nthanomo Kalulu alankhula ndipo Fisi abvala malaya. Onse adziwa cimene alikumva. Kugwetsana kumene ana ambiri aona lero pa wailesi ya kanema ndi nthano yotere, yosimbidwa ndi matupi m'malo mwa pakamwa. Amuna ndi akazi ocita zimenezi ndi aluso ndithu. Amaphunzira zaka zambiri kagwedwe kosathyola khosi, amagwera pa bwalo lokonzedwa kuti lizifewa, ndipo woponya ndi woponyedwa amathandizana. Ngakhale ziri comweco, ambiri amabvulala moona. Cifukwa cace mwana amene atengera zimenezi, nanyamula mphwace ndi kumponya pa nthaka youma, alikusewera ndi imfa, pakuti waona kunja kokha kwa cinthu cimene m'kati mwace sacidziwa.

Bodza linali lija la m'mahema, pamene mlimi anali kubecha ndalama za cimanga cace pa masewera opangana kale, ndi lija la ku Comiskey Park, pamene anthu 30,000 anagula mpikisano wa amuna awiri alunga koma napatsidwa munthu wa bondo limodzi. Kumeneko munthu anatengeredwa cace cifukwa ca kukhulupirira. Komabe mlandu suli pa eni masewera okha. Khamu nalonso linali ndi mbali yace, pakuti ndilo linanyansidwa ndi kugwetsana kwa mphindi ziwiri, ndilonso linatopa ndi kwa maola asanu. Linafuna kuti madzulo ali onse pakhale nthumanzi, wofooka atsale pang'ono kupambana, ndi woipa alangidwe nthawi yopita kunyumba isanakwane. Mpikisano woona sungalonjeze zotere. Anthu atafunsa cinthu cimene coonadi sicikanawapatsa, anapezeka ena owagulitsa cofanana naco.

Kugwetsana koona sikunafe. Kukalipo pa masewera a Olympic m'mitundu iwiri, wa Greco-Roman ndi wina wogwira pali ponse, umene unacokera ku magwetsedwe a ku Lancashire, ndipo kuyambira mu 2004 akazi naonso amapikisana kumeneko. Mphindi zace ndi zowerengeka ndipo kupfuula kwace ndi kocepa, koma palibe amene adziwiratu wopambana.

Nanga Mkango unathera kuti? Hackenschmidt anali munthu wokonda kuwerenga, wodziwa zilankhulo zingapo. Anali atalemba kale buku la kulimbitsa thupi lochedwa The Way to Live, ndipo atasiya bwalo anatembenukira ku nzeru zakuya, nalemba mabuku ena ofufuza za maganizo a munthu. Sanaleke kusamala thupi lace, ndipo anali kucitabe masewera olilimbitsa atapitirira zaka 80. Anamwalira mu London pa 19 February 1968, ali ndi zaka pafupifupi 90, ataona ndi maso ace m'mene masewera a ubwana wace anasandukira sewero.

Anagonja kawiri pamaso pa makamu, koma kugonjako sikunali kofanana. Mu 1908 anapereka mphamvu zace zonse kwa maola awiri, napeza munthu womposa tsiku limenelo, ndipo pamenepo palibe manyazi. Ciri conse cokwera cimatsika. Mu 1911 analowa m'bwalo alikudziwa cimene olipira sanacidziwe, ndipo cimene cinatayika tsiku limenelo cinali cacikulu kuposa dzina la ngwazi, ndico cikhulupiriro ca anthu. Bondo la munthu likhoza kupola m'miyezi yowerengeka, koma anthu a ku Chicago anatenga zaka zambiri asanayambenso kukhulupirira ogwetsana.